Momwe mungadziwire ngati PlayStation, Xbox ndi Nintendo Switch zikulimbirana msika umodzi

Mu Januwale 2022 kampani ya Microsoft inalengeza kuti igula Activision Blizzard, eni ake a gemu ya Call of Duty, pamtengo wa madola 68.7 biliyoni. Mu Disembala chaka chomwecho bungwe loona za mpikisano wa malonda ku America, la Federal Trade Commission kapena FTC, linatsutsa malondawo. Imodzi mwa mfundo zake zikuluzikulu inali yakuti PlayStation 5 ya Sony ndi Xbox Series X ndi S za Microsoft zili pamsika wawokha wa makina amphamvu osewerera magemu, ndipo Nintendo Switch ili kunja. Microsoft inaumirira kuti Switch ili momwemo. Aliyense ankadziwa chimene ankalimbira. Pamsika wa makampani awiri, Xbox ndi yokhayo yopikisana ndi Sony, ndiye chilichonse chimene Microsoft ingachite ndi Call of Duty chimalemera kwambiri. Pamsika wa makampani atatu, Xbox imakhala yomalizira, ndipo Nintendo imakhala umboni wakuti kampani ikhoza kuchita bwino popanda gemu imeneyo.

Njira yoyankhira funsoli ndi yomwe mabungwe oona za mpikisano amatsata kulikonse, kuphatikizapo Competition and Fair Trading Commission ya ku Malawi komanso bungwe la COMESA loona za mpikisano, lomwe likulu lake lili ku Lilongwe. Wophunzira zachuma, mtolankhani, ngakhale wamalonda woitanitsa makinawa kunja akhoza kuitsata.

Konzani kaye funso lanu

Mawu akuti msika pano sakutanthauza kuti katunduyo amafanana maonekedwe kapena ntchito. Katundu awiri amakhala pamsika umodzi ngati mmodzi amalepheretsa mnzake kukweza mtengo, chifukwa ogula angathawireko. Minibasi ndi kabaza sizifanana n'komwe, koma pamtunda waufupi m'tauni, mtengo wa minibasi ukakwera anthu amakwera kabaza. Kuchoka ku Blantyre kupita ku Mzuzu, kabaza salowamo. Choncho musanawerenge chilichonse, lembani zinthu zitatu: makina ati, m'dziko liti, m'zaka ziti. Yankho la ku America mu 2023 silingangotengedwa kukaikidwa pa Japan, kapena pa 2007.

Kenako yambirani pagulu laling'ono kwambiri lomwe lingakhale msika. Pankhaniyi ndi PlayStation 5 ndi Xbox Series. Zina zonse, monga Switch, kompyuta ya magemu, foni ndi magemu oseweredwa kudzera pa intaneti popanda kugula makinawa, ziyembekeze panja mpaka umboni utazilowetsa. Mukayamba ndi zonse pamodzi mupeza kuti chilichonse chimapikisana ndi chilichonse, ngakhale mpira wa pa TV, ndipo yankho lotero silithandiza munthu.

Muyeso wokweza mtengo

Muyeso waukulu umatchedwa SSNIP, ndipo unakhazikika kudzera m'malangizo a boma la America a 1982 okhudza kuphatikizana kwa makampani. Mumayerekeza kuti kampani imodzi ndiyo mwini wa katundu yense wa m'gulu lanu laling'onolo. Ikakweza mitengo ndi 5 mpaka 10 peresenti, n'kuisiya choncho kwa nthawi yaitali, monga chaka, kodi phindu lake likwera kapena litsika? Likakwera, gululo ndi msika palokha, chifukwa katundu wakunja walephera kuiletsa. Likatsika, lowetsani katundu amene ogula ambiri athawirako, n'kuyesanso.

Masamu ake ndi osavuta, ndipo manambala otsatirawa ndi ongophunzitsira. Tinene kuti makina amagulitsidwa madola 500, phindu pa makina amodzi ndi madola 100, ndipo amagulidwa okwana 1,000. Phindu lonse ndi madola 100,000. Mukakweza mtengo ndi 10 peresenti kufika pa madola 550, phindu pa makina amodzi likhala madola 150. Kuti mupezebe madola 100,000 muyenera kugulitsa makina 667. Ndiye kuti mukhoza kutaya ogula 333, pafupifupi 33 peresenti, osaluza. Njira yachidule ndi kugawa peresenti ya kukwera kwa mtengo ndi chiwerengero chomwe mupeze mukaiphatikiza ndi peresenti ya phindu: 10 kugawa ndi 10 kuphatikiza 20. Chotsala ndi kufufuza ngati othawa enieni angapose 33 peresenti kapena ayi.

Apa ndi pamene ambiri amasochera, chifukwa makina a magemu sagulitsidwa ngati shuga kapena simenti. Pamlandu wa Epic Games ndi Apple mu Meyi 2021, Lori Wright wa ku Microsoft anauza khoti kuti kampaniyo sinapezepo phindu pogulitsa makina a Xbox pawokha. Mu Okutobala 2022 Phil Spencer, yemwe ankatsogolera nthambi ya magemu ya Microsoft, ananena kuti kampaniyo imaluza madola 100 mpaka 200 pa makina alionse omwe agulidwa. Ndalama zimabwera pambuyo: pa magemu a kampaniyo, pa gawo la pafupifupi 30 peresenti lomwe mwini makina amadula pa magemu a makampani ena ogulitsidwa m'sitolo yake ya pa intaneti, ndiponso pa zolipira mwezi ndi mwezi monga Game Pass, PlayStation Plus ndi Nintendo Switch Online.

Mukangowerenga phindu la makina okha, mupeza ziro kapena kuchepera apo, ndipo masamu adzakuuzani kuti kampani ikhoza kutaya ogula onse osadandaula. Limenelo ndi bodza. Werengani ndalama zonse zomwe wogula mmodzi amabweretsa pa zaka zonse zomwe amakhala ndi makinawo. Tibwerere ku chitsanzo chathu: phindu pa makina likhale ziro, koma wogula aliyense abweretse madola 300 m'zaka zisanu. Amenewo ndi 60 peresenti ya mtengo wa makina, ndipo 10 kugawa ndi 70 ndi pafupifupi 14 peresenti. Tsopano kutaya wogula mmodzi pa asanu ndi awiri alionse n'kokwanira kuti kukweza mtengo kukhale kuluza. Ogula ochepa othawira ku Switch, omwe poyamba ankaoneka osafunika, ayamba kulemera.

Samalani kuti zopeza ndi zotaya muziziwerengera nthawi yofanana. Bungwe la ku Britain la Competition and Markets Authority, CMA, mu Febuluwale 2023 linaona kuti Microsoft ingapindule pochotsa Call of Duty pa PlayStation. Microsoft inadandaula kuti masamuwo anawerenga zopeza za zaka zisanu koma zotaya za chaka chimodzi. Mu Malichi bungwelo linasintha maganizo ake pankhani ya makina, n'kunena kuti kuchotsa gemuyo kungaluzitse Microsoft. Ngati akatswiri olipidwa anafunika kubwereza masamu awo, nanu bwerezani anu.

Msampha wina ndi wakale. Pamlandu wa kampani ya du Pont mu 1956, khoti lalikulu la ku America linaona kuti ogula pepala lokulungira katundu la cellophane akhoza kuthawira ku zokulungira zina, ndiye linati msika ndi waukulu. Akatswiri a zachuma anaonetsa pambuyo pake kuti ogula ankathawa chifukwa mtengo unali utakwezedwa kale kufika pamalire. Ngati mtengo womwe mukuyambira ndi wokwera kale mopyola muyeso, katundu aliyense amaoneka ngati wopikisana naye.

Onani zimene makampani anachita mnzawo atasuntha

Muyeso wa SSNIP ndi wongoyerekeza, choncho uyenera kutsamira pa zochitika zenizeni. Lembani mndandanda wa masiku omwe mtengo unasintha kapena makina atsopano anatuluka, ndipo pambali pake lembani zimene opikisana nawo anachita m'miyezi khumi ndi iwiri yotsatira.

Pachionetsero cha magemu cha E3 cha mu 1995, kampani ya Sega inati makina ake a Saturn adzagulidwa madola 399, ndipo Sony inayankha ndi madola 299 pa PlayStation yoyamba. Mu 2013 Xbox One inatuluka pa madola 499 pamodzi ndi kamera ya Kinect, pamene PlayStation 4 inali madola 399. Pofika Juni 2014 Microsoft inayamba kugulitsa Xbox One yopanda Kinect pa madola 399 ndendende. Mu Novembala 2020, Xbox Series X inatuluka pa 10, PlayStation 5 pa 12, zonse pa madola 499. Mu Ogasiti 2022 Sony inakweza PlayStation 5 ku Ulaya kuchoka pa mayuro 499.99 kufika pa 549.99, ndipo ku Britain kuchoka pa mapaundi 449.99 kufika pa 479.99. Patatha chaka, Microsoft inakweza Series X kufika pa mitengo yomweyo. Makampani awiriwa amayang'anana m'maso.

Nintendo imayenda ulendo wake. Switch inatuluka pa 3 Malichi 2017 pa madola 299, pakatikati pa nthawi ya PlayStation 4 ndi Xbox One, ndipo makina atsopano a Sony ndi Microsoft atafika mu 2020, mtengo wake ku America sunasunthe. Mu 2006 Wii ya Nintendo inkagulidwa madola 249 pamene PlayStation 3 inali madola 499 kapena 599, ndipo Satoru Iwata, mkulu wa Nintendo panthawiyo, ankanena poyera kuti akufuna anthu amene sasewera magemu. Wii inagulidwa yoposa 101 miliyoni, kuposa PlayStation 3 yomwe inagulidwa pafupifupi 87 miliyoni.

Komabe musathamangire kumaliza. Mitengo iwiri ikhoza kukwera limodzi chifukwa chakuti zopangira zakwera, osati chifukwa cha mpikisano. PlayStation 5 ndi Xbox Series zonse zimagwiritsa ntchito ma chip a kampani ya AMD, omwe ndi ubongo wa makinawa, ndiye akakwera mtengo onse awiri amamva. Sony nayo inati inakweza chifukwa cha kukwera mitengo kwa zinthu komanso kugwa kwa ndalama zina poyerekeza ndi dola. Chachiwiri, kuyambira 2020 mpaka 2022 PlayStation 5 inkasowa m'mashopu chifukwa cha kusowa kwa ma chip. Katundu akamasowa, chiwerengero cha zogulitsidwa chimasonyeza zomwe fakitale inakwanitsa kupanga, osati zomwe anthu ankafuna. Manambala a zaka zimenezo musawagwiritse ntchito poyeza momwe ogula amachitira mtengo ukakwera.

Mphamvu za makina

Izi ndi zosavuta kupeza, n'chifukwa chake anthu amazipatsa ulemu woposa muyeso. PlayStation 5 ili ndi memory ya 16GB ndi mphamvu ya ma teraflop (muyeso wa liwiro la makina powerengera) pafupifupi 10.3, Series X ili ndi 16GB ndi ma teraflop 12, pamene Switch yoyamba ili ndi 4GB ndi chip ya Nvidia Tegra X1 yomwe inapangidwira zipangizo zam'manja. Kusiyana kulipodi. Koma Xbox Series S ili ndi 10GB ndi ma teraflop 4, ndipo inatuluka pa madola 299, mtengo wofanana ndi wa Switch. Amene akufuna kuika Series S m'gulu la makina amphamvu n'kusiya Switch panja ayenera kufotokoza chifukwa chake Microsoft inasankha mtengo umenewo. Panthawiyo kholo lomwe linanyamula madola 300 m'shopu linkaona makina awiriwa ataimikidwa moyandikana.

Magemu ndiwo amagulitsa makina

Palibe amene amagula makinawa kuti akongoletse pabalaza. Tengani magemu 20 omwe amaseweredwa kwambiri pa makina alionse m'dziko lomwe mukufufuza, ndipo muwerenge angati akupezeka pa makina enawo. Kupezeka kokha sikokwanira. Funsaninso ngati gemuyo inatuluka tsiku limodzi ponseponse, ngati ndi yathunthu, komanso ngati munthu akhoza kusewera ndi anzake omwe ali pa makina ena.

Mukatero muona kuti mndandanda wa PlayStation ndi wa Xbox ndi wofanana kwambiri, pamene pa Switch pamwamba pamadzaza magemu a Nintendo yomwe, monga Mario Kart, Zelda, Animal Crossing ndi Pokémon. Call of Duty yomaliza kutuluka pa makina a Nintendo isanafike nkhani ya Activision inali Ghosts pa Wii U mu 2013. Grand Theft Auto V sinatulukepo pa Switch yoyamba. Hogwarts Legacy inafika pa PlayStation 5 ndi Xbox Series mu Febuluwale 2023, koma pa Switch inafika mu Novembala. Kwa okonda mpira, FIFA 20 mpaka FIFA 23 pa Switch zinali zotchedwa Legacy Edition, kutanthauza gemu yakale yomweyo yongosinthidwa mayina a osewera ndi mayunifomu. Zinasintha mu 2023 pamene EA Sports FC 24 inatuluka. Mbali inayo, Fortnite ndi Minecraft zili pa makina onse atatu, ndipo mwana amene amangofuna magemu awiriwa sasamala dzina lolembedwa pabokosi.

Kumbukiraninso kuti makinawa ali ndi makasitomala a mitundu iwiri. Kuwonjezera pa osewera, pali makampani opanga magemu, omwe amasankha makina oti awonongerepo ndalama zawo. Ngati kusamutsira gemu ku Switch kumafuna ntchito ya miyezi yambiri yochepetsa zithunzi, pamene kuisamutsa pakati pa PlayStation ndi Xbox n'kopepuka, umenewo ndi umboni wakuti kwa opanga magemu makina awiriwo ndi oyandikana.

Funsani ogula, koma muwafunse bwino

Funso labwino si lakuti "mumakonda makina ati?" Funsani chonchi: "Tsiku lomwe munagula makina anuwa, akanakhala kuti sakupezeka kulikonse, mukanatani?" Mayankho akhale oti munthu asankhe limodzi: kugula PlayStation, Xbox, Switch, kompyuta, makina akale ogwiritsidwa kale ntchito, kapena kusagula chilichonse. Pa ogula 100 alionse a PlayStation 5, chiwerengero cha opita ku Xbox ndi cha opita ku Switch chimakuuzani mwachindunji amene ali pafupi. Funso la kukwera kwa mtengo ndi 5 peresenti lisiyeni, chifukwa anthu sadziwa bwino zimene angachite pa kusintha kwakung'ono chonchi.

Funsani amene anagula m'miyezi khumi ndi iwiri yapitayi, ndipo pagulu lililonse pezani mayankho athunthu osachepera 100. Funsani amene anatulutsa ndalama, chifukwa nthawi zambiri wosewera ndi mwana koma wosankha ndi kholo. Musatolere mayankho m'magulu a pa Facebook a okonda kampani imodzi. Amenewo sangasinthe ngakhale mtengo utawirikiza, pamene muyeso wa SSNIP umadalira ogula osakhazikika, omwe kakusiyana kakang'ono kamawasuntha.

Mudzapeza ambiri omwe ali ndi Switch pamodzi ndi PlayStation kapena Xbox, koma ochepa omwe ali ndi PlayStation ndi Xbox zonse. Anthu ena amati izi zikusonyeza kuti Switch ndi yongowonjezera, siilowa m'malo mwa inzake. Mfundoyi ili ndi mphamvu, koma funsani kuti anayamba kugula iti, ndipo yachiwiri inachedwa miyezi ingati. Ngati kugula Switch kunachedwetsa PlayStation ndi zaka ziwiri, Sony inataya ndalama za magemu za zaka ziwirizo. Ndiponso banja lomwe lingakwanitse makina amodzi okha limasankhadi pakati pa atatuwo.

Dziko limasintha yankho

Mu Febuluwale 2023 ku Brussels, Brad Smith wa ku Microsoft anaonetsa manambala osawerengera Nintendo: Sony 70 peresenti ndi Xbox 30 padziko lonse, 80 ndi 20 ku Ulaya, 96 ndi 4 ku Japan. M'khoti ku America kampani yomweyo inati mu 2021 Xbox inali ndi 16 peresenti ya makina ogulitsidwa, Nintendo itawerengedwa. Manambala otere musawayerekeze mwachisawawa. Fufuzani ngati akuwerenga makina ogulitsidwa m'chaka chimodzi, makina onse omwe ali m'nyumba za anthu, kapena ndalama zolowa. Ku Japan, komwe Xbox ndi yochepa chonchi, wolimbana ndi PlayStation weniweni ndi Nintendo.

Kwathu kuno nkhaniyi ili ndi maonekedwe ena. Mwini shopu ya magemu m'tauni, komwe achinyamata amalipira kuti amenye mpira pa TV, amafuna makina omwe makasitomala anazolowera, omwe ma pad ake amapezeka msanga akawonongeka, ndipo amakhala ndi gemu ya mpira yathunthu. Kwa iyeyo, wopikisana ndi PlayStation 5 yatsopano nthawi zambiri ndi PlayStation 4 yogwiritsidwa kale ntchito. Ngati mukufufuza msika wotere, makina akale muwaike pa mndandanda wanu kuyambira pachiyambi. Magetsi nawo amalowamo. PlayStation 5 imadya pafupifupi ma watt 200 posewera gemu yolemera, osawerengera TV, pamene Switch ili ndi sikirini yake ndi batire lomwe pa mtundu wa 2019 limatha maola 4.5 mpaka 9. Kwa banja lodalira sola yaing'ono, kusiyana kumeneku kukhoza kuposa ma teraflop onse aja.

Kumanga yankho

Umboni ukasonkhana, musaukakamize kuti unene inde kapena ayi basi. Woweruza Jacqueline Scott Corley wa khoti la ku San Francisco, pogamula pa 11 Julayi 2023, analemba kuti akanakhala womaliza kugamula nkhani yonse mwina akanaika Switch mkati mwa msika, koma pa gawo loyambirira la mlanduwo FTC inapereka umboni wokwanira kuti Switch iwerengedwe kunja. Ngakhale anatero, anakana kuimitsa malondawo, chifukwa FTC sinasonyeze kuti Microsoft ingachotsedi Call of Duty pa PlayStation. Kupambana pa nkhani ya msika sikunapambanitse mlandu. CMA inaona kuti Xbox ndi PlayStation ndi zoyandikana kwambiri ndipo Nintendo ili patali, koma chimene inakanira malondawo mu Epulo 2023 chinali magemu oseweredwa kudzera pa intaneti, osati makina. European Commission, yomwe imaona za mpikisano m'mayiko a European Union, inavomereza mu Meyi itapatsidwa malonjezo a zaka khumi, Competition Tribunal ya ku South Africa inavomereza mu Julayi popanda choletsa chilichonse, ndipo malondawo anatsekedwa pa 13 Okutobala 2023, Microsoft itavomera kugulitsa kwa kampani ina ya magemu, ya Ubisoft, ufulu woseweretsa magemu a Activision kudzera pa intaneti.

Ife tikaunika umboni wa zaka za 2020 mpaka 2024, timaona kuti PlayStation ndi Xbox zili pamsika umodzi mosakayikitsa. Switch inkaletsadi makampani awiriwo kuchita zofuna zawo, koma mofooka kwa ogula ofuna Call of Duty kapena mpira wathunthu pa TV yaikulu, ndipo mwamphamvu kwa mabanja ogula makina amodzi a madola 300 kapena kutsika apo. Lembani yankho lanu motero: ndani ali pafupi, ndani ali patali, kwa ogula ati, ndipo ndi umboni uti umene ungakusinthitseni maganizo.

Palipoti lanu lembanipo deti. Switch 2 inatuluka pa 5 Juni 2025 pa madola 449.99, ili ndi memory ya 12GB, ndipo gemu yolemera ya Cyberpunk 2077 inatuluka nayo tsiku lomwelo. Mtengo, mphamvu ndi mndandanda wa magemu zonse zasendera kufupi ndi PlayStation ndi Xbox. Microsoft nayo inasaina mapangano a zaka khumi opereka Call of Duty kwa Nintendo mu Febuluwale 2023 ndi kwa Sony mu Julayi, ndipo kuyambira 2024 yakhala ikutulutsa ena mwa magemu ake pa PlayStation 5. Mndandanda wa magemu 20 uja ndi funso la ogula lija ziyenera kuchitidwanso ndi ogula a Switch 2 musanagwiritse ntchito yankho la 2023.